Magetsi alibe nkhokwe

 Lero tisiye kaye za silabasi ndi mayeso a Fomu 4. Ndikufuna tikambirane za mtengo wa magetsi, koma osati uja timalipira pogula mayunitsi pa foni. Ndikunena mtengo wooda, umene makampani amagulitsirana okhaokha magetsiwo asadafike pa mita yathu. Nkhaniyi imamveka ngati ya anthu a masuti a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe kwa ife a ku Machinga ndi ku Balaka ili pakhomo penipeni. Malo awiri amene agwira mtima wa magetsi a dziko lino ali m'maboma athu awiriwa.

Malo oyamba ndi Kamuzu Barrage pa Liwonde, yomwe idamangidwa mu 1965. Ambiri timangoiona ngati mlatho. Koma zitseko zili pansi pakezo ndizo zimalamula kuchuluka kwa madzi opita ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, komwe kumachokera magetsi ambiri a m'Malawi muno. Malo achiwiri ndi Phombeya, m'boma la Balaka. Pamenepo pali siteshoni yaikulu yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la America, ndipo idatha mu 2018 pamodzi ndi chingwe chachikulu chopita ku Nkhoma. Mu 2021 atsogoleri a Malawi ndi Mozambique adakhazikitsa ntchito yomanga chingwe china cha makilomita 218, chochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzathera pa Phombeya pomwepo. Choncho Liwonde ndiye mpopi wa magetsi opangidwa kuno, ndipo Phombeya ndiye chipata cha magetsi ogula kunja. Chipata chimenechi chikutilowetsa mumsika umene ambiri a ife sitidauzolowere, ndipo ndi bwino tiudziwe khalidwe lake.

Tiyambire apa. Chimanga ukakolola umachiika m'nkhokwe n'kudikira kuti mtengo ukwere mu Januwale. Usipa umauyanika. Ngakhale tomato, wosachedwa kuola uja, amakupatsako masiku awiri kapena atatu. Magetsi ayi. Babu limene layaka m'kalasi usiku uno likudya magetsi amene akupangidwa nthawi yomweyo ku Nkula. Opanga ndi ogwiritsa ntchito ayenera kufanana mphindi iliyonse, apo ayi makina amadzizimitsa okha pofuna kudziteteza. Mabatire akuluakulu alipo masiku ano, monga aja ali pa malo a sola a ku Golomoti, koma amasunga a maola ochepa, osati a chaka chonse. Nkhokwe yeniyeni imene tili nayo ndi madzi a m'nyanja amene baraji ya pa Liwonde imawagwira. Tikusunga madzi, osati magetsi.

Katundu wosasungika mtengo wake sukhala pansi. Kumene kuli msika wooda weniweni, mtengo umasintha ola ndi ola. Mmene umapezekera ndi masamu osavuta, oti mwana wa Fomu 2 atha kuwatsata. Tiyerekeze kuti pali ogulitsa atatu. Wa madzi ali ndi mamegawati 200 ndipo akuti yunitsi imodzi K50. Wa sola ali ndi 60 pa K80. Wa majenereta a dizilo ali ndi 100 pa K300. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Woyendetsa msika amawandandalika kuyambira wotchipa, n'kumatenga mmodzimmodzi mpaka zokhumba za ogula zitakwana. Masana anthu akufuna mamegawati 250: atenga 200 a madzi ndi 50 a sola, wa dizilo osamuyang'ana n'komwe. Mtengo wa ola limenelo ukhala K80, ndipo onse awiri alandira K80, ngakhale uja adati K50. Lamulo lake ndi loti wogulitsa womaliza kuitanidwa ndiye amaika mtengo wa onse.

Tsopano dzuwa lalowa. Wa sola wapita kukagona, amayi ayatsa mbaula za magetsi, ana ayatsa wailesi za kanema, ofuna magetsi akwera kufika pa 280. Popanda kuchitira mwina, aitana wa dizilo. Mtengo walumpha kuchoka pa K80 kufika pa K300 m'maola awiri okha, popanda wakuba aliyense. Ndiye muganize chaka cha chilala, wa madzi uja akangokwanitsa 120. Wa dizilo aitanidwa usana ndi usiku, ndipo ngakhale atero usiku magetsi saakwanira. Apa ndiye pamene mtengo umapenga.

Wina afunsa kuti, bwanji osangomulipira aliyense mtengo umene adatchula? Yankho lake timaliona pa msika wa Ntaja kapena wa Ulongwe. Mayi wogulitsa nyemba akadziwa kuti mnzake wagulitsa mbale pa mtengo wokwera, mawa naye atchula womwewo. Ogulitsa akadziwa kuti aliyense alandira zomwe watchula, onse amayamba kulosera mtengo wapamwamba m'malo monena mtengo wawo weniweni. Koma akadziwa kuti alandira mtengo wa womaliza, wotchipa amanena chilungamo kuti asasiyidwe pa mzere.

M'Malawi muno msika wa ola ndi olawu mulibe. Kwa zaka zambiri ESCOM inkapanga yokha, kunyamula yokha ndi kugulitsa yokha. Lamulo litasinthidwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi idapatsidwa kwa EGENCO kuyambira mu Januwale 2017, ndipo khomo lidatsekuka kwa makampani ena. Ndimo mudabwerera sola wa mamegawati 60 wa ku Salima mu 2021 ndi wa mamegawati 20 wa ku Golomoti mu 2022. Onsewa amagulitsa kwa wogula mmodzi. Padali nthawi imene udindo wogulawo udapatsidwa kwa kampani ina ya boma, Power Market Limited, koma pofika mu 2023 boma lidali litaithetsa ndipo udindowo udabwerera ku ESCOM. Kugulako kumachitika pa mapangano a zaka zambiri, ndipo mtengo umene ife timalipira umavomerezedwa ndi bungwe la MERA.

Msika wa ola ndi ola uli kutsidya kwa malire. Mu 1995 maiko a m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa adakhazikitsa Southern African Power Pool, kapena kuti SAPP, yomwe likulu lake lili ku Harare. Kuyambira mu 2009 kumeneko kuli msika wa magetsi a mawa: m'mawa uliwonse makampani amatumiza mitengo yawo, wogula ndi wogulitsa, ya ola lililonse la tsiku lotsatira, ndipo kompyuta imawakumanitsa monga ndafotokozera muja. ESCOM idakhala membala kuyambira kale, koma membala wopanda njira yopitira kumsika, chifukwa tidalibe chingwe chachikulu chotilumikiza ndi anzathuwo. Tinkangogwirizana ndi anansi pa tizingwe ting'onoting'ono ta m'malire. Chingwe cha ku Phombeya ndiye njira imeneyo.

Palibe wokana kuti njirayi ikufunika. Tonse tikukumbukira 2016 ndi 2017, nyanja itatsika, mdima n'kukhala mlendo wa tsiku ndi tsiku. Dziko lidachita kubwereka majenereta a dizilo a mamegawati 78 ku kampani ya Aggreko, ndipo adagwira ntchito kuyambira mu 2018 mpaka mu 2022. Amenewo adali magetsi odula kuposa ena onse, wa K300 uja wa m'chitsanzo chathu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima usiku umodzi, ndipo adabwerera mu 2023. Tikadakhala ndi chingwe nthawi imeneyo tikadagula kwa anansi. Akuluakulu a mbiri amatikumbutsanso kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idatsika kotero kuti idasiya kuthira madzi mu Shire. Zidachitikapo, zitha kuchitikanso. Kudalira mtsinje umodzi n'kugona pa mkeka umodzi mudzi wonse.

Koma walira mvula walira matope. Wolowa mumsika walowanso m'mitengo ya msikawo, ndipo pali zinthu zitatu zoti zitidetse nkhawa.

Choyamba n'chakuti chilala sichiona malire. Mu 2024, chaka cha El Niño, madzi a ku Kariba adatsika moti ku Zambia anthu ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Dziko limene zaka zina limagulitsa kwa anansi lidasanduka wogula, ndipo kumapeto kwa chakacho lidakweza mitengo mwadzidzidzi kuti lipeze ndalama zogulira kunja. Ku Cahora Bassa nako madzi adatsika kwambiri, pakuti ndi Zambezi yemweyo. Tsono taonani: chaka chimene Shire wachepa, n'kutheka kuti Zambezi nayenso wachepa. Tsiku limene tidzafunitsitse magetsi a kumsika ndi tsiku lomwelo limene aliyense akuwafuna. Zili ngati chimanga mu Febuluwale wa chaka cha njala: pamsika chilipo, koma mtengo wake ngwoliza.

Chachiwiri ndi ndalama yogulira. Kumsika wa SAPP mitengo imawerengedwa m'madola a ku America, ndipo mapangano ambiri ndi makampani akunja opanga magetsi amatsatiranso dola. Ife timalipira m'makwacha. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ngakhale wogulitsa asakweze ndi senti imodzi, ngongole ya wogula m'makwacha imatupa usiku umodzi. N'chifukwa chake MERA ili ndi ndondomeko yoonanso mtengo pamene kwacha ndi kukwera kwa zinthu zasuntha ndalama zoyendetsera magetsi kupyola 5 pa 100. 

Chachitatu ndi kukhulupirika kwa mnzako wa pangano. Ichi alimi a thonje a ku Balaka safuna kuwaphunzitsa. Kampani ikupatsa mbewu ndi mankhwala pa ngongole, mwagwirizana kuti udzagulitsa kwa iyo. Mtengo ukakwera kwina, mlimi amazembetsa thonje usiku kupita kwa mavenda. Mtengo ukagwa, wogula amapeza zifukwa, ati thonje lako ndi lakuda. M'magetsi zimachitikanso. Dziko limene anthu ake ali mumdima limavutika kupitiriza kutumiza magetsi kunja, ngakhale lidasaina. Khasu lobwereka silichedwa kuitanidwa ndi mwini wake, makamaka mvula ikagwa.

Nanga anzathu odziwa amadziteteza bwanji? Njira zake si zachilendo kwa mwana wa mlimi.

Njira yoyamba ndi kumanga mtengo pasadakhale. Alimi a fodya amadziwa kusiyana kwa okushoni ndi kontirakiti. Pa okushoni ukhoza kuseka chaka chino, chaka chamawa belo lako n'kubwezedwa kangapo. Pa kontirakiti sudzalemera mwadzidzidzi, koma umagona tulo. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno wakhala akugulitsidwa pa kontirakiti. Magetsi ambiri odutsa malire m'chigawo chino nawonso amayenda pa mapangano a makampani awiriawiri, ndipo msika wa tsiku ndi tsiku umangokhala wotsekera mipata. Ku SAPP kulinso misika yogulira magetsi a sabata yamawa ndi a mwezi wamawa, kuti munthu asadikire tsiku lenilenilo. Koma pangano lili ndi mtengo wake. Ambiri mwa mapangano otere amati ulipire ngakhale magetsiwo usawatenge. Chaka cha mvula yabwino, Shire atadzaza, udzakhala ukulipira m'madola magetsi amene ukadapanga wekha motchipa. Anthu adzafuula kuti ndalama zaonongeka. Komatu ndi mmene inshuwalansi imakhalira: chaka chimene galimoto sidachite ngozi sunena kuti udaberedwa.

Njira yachiwiri ndi kugula ufulu wogula, osati katundu weniweniyo. Izi dziko lathu lidachitapo, ndipo lidatchuka nazo. Mu Seputembala 2005, njala ili pakhomo, boma la Malawi lidagwirizana ndi Standard Bank ya ku South Africa pa matani 60,000 a chimanga. Silidagule chimangacho tsiku lomwelo. Lidalipira ndalama yochepa, yosabwezedwa, kuti likhale ndi ufulu wodzachigula pa mtengo wosapyola umene adagwirizana. Mtengo ukadatsika, likadasiya ufuluwo n'kukagula motchipa kwina. Mtengo udakwera, ndipo chimangacho chidabwera pa mtengo wakale uja. Zili ngati kupereka chikole kwa mwini ng'ombe kuti akusungire mpaka mwezi wamawa pa mtengo wa lero. M'misika ikuluikulu ya magetsi ku Ulaya ndi ku America mapangano otere ndi a tsiku ndi tsiku.

Njira yachitatu ndi kusakaniza mbewu. Mlimi wa ku Machinga amabzala chimanga, nandolo, chinangwa ndi mpunga kudambo, podziwa kuti zonse sizingafe chaka chimodzi. Sola amathandiza pa chifukwa chomwecho: chaka cha chilala ndiye chaka cha dzuwa lambiri. Masana sola akamagwira ntchito, madzi ena akhoza kusungidwa kuti adzagwire madzulo. Malo atsopano akuluakulu a Mpatamanga, ngakhale ndi ofunika, ali pa Shire yemweyo. Akuwonjezera chimanga m'munda wa chimanga. Pafunikanso nandolo.

Amene amanyozera njira zimenezi amalira, ngakhale ku maiko olemera. Ku Texas, mu Febuluwale 2021, kudazizira modabwitsa, makina ambiri opangira magetsi n'kuima. Mtengo wooda, umene masiku wamba umakhala madola makumi angapo, udafika pa madola 9,000 pa mayunitsi 1,000 aliwonse, n'kukhala pamenepo masiku angapo. Kudali kampani ina, Griddy, imene inkagulitsa kwa anthu m'makomo pa mtengo wooda womwewo. Masiku abwino makasitomala ake ankasangalala kuti akulipira zochepa kuposa anzawo. Sabata imeneyo ena adalandira mabilu a madola zikwizikwi, ndipo kampaniyo idagwa. Ku Britain, chaka chomwecho, mtengo wa gasi udakwera ndipo makampani oposa 25 ogulitsa magetsi ndi gasi adatseka. Ambiri mwa iwo adalonjeza anthu mtengo wokhazikika pomwe iwo ankagula kumsika osamanga mtengo pasadakhale. Ku Texas chiopsezo chidagwera munthu wa m'nyumba mwachindunji. Ku Britain chidagwera kampani, kenako ndalama zokonzera chisokonezocho zidabwereranso pa mabilu a anthu onse.

Phunziro lake ndi limene ndikufuna mutenge pa zonse ndalembazi. Chiopsezo cha mtengo sichitha. Chimangosamutsidwa kuchoka pa mutu wina kupita pa mutu wina, ndipo wochisenza amafuna malipiro. Wopanga magetsi akamanga mtengo m'madola kwa zaka 20, wachotsa katunduyo pamutu pake n'kusenzetsa wogula. Wogula akaloledwa kukweza mtengo, wasenzetsa ife. Akaletsedwa kukweza, mwina poti chisankho chayandikira, katunduyo sasowa ayi. Amasanduka ngongole kwa opanga magetsi, opangawo amalephera kukonza makina, ndipo timalipira ndi mdima m'malo mwa ndalama. Kuzima kwa magetsi nakonso ndi mtengo, kungoti sulembedwa pa risiti.

Amene amalipira mtengo wosalembedwawu timawadziwa maina. Ndi uja tidamuphunzitsa amene ali ndi chigayo kumudzi kwawo, azimayi atandanda ndi matumba kuyambira m'mawa, mota ili zii. Ndi wowotcherera zitseko pa Liwonde amene walandira kale theka la ndalama za kasitomala. Ndi mtsikana wa saluni pa Balaka, ndi mayi wa mafiriji a nsomba. Ndi ana athu a Fomu 4 amene nthawi yowerenga usiku imathera pa tochi ya foni. Kampani yaikulu ili ndi jenereta, ndiponso ili ndi mitengo iwiri, wa maola otanganidwa ndi wa maola a usiku, moti ikhoza kusuntha ntchito zina kuti ipulumutse ndalama. Wa chigayo alibe kothawira.

Komabe nafenso tili ndi tinjira tathu. Wogula mayunitsi ambiri atamva kuti mtengo ukwera mwezi wamawa wamanga mtengo pasadakhale, monga amachitira akuluakulu aja. Wa saluni amene waika kasola ndi batire yoyendetsera mashini ometera wasakaniza mbewu. Komiti ya sukulu imene popanga bajeti ya teremu imaikako kena pamwamba pa ndalama za magetsi, m'malo mongokopera za chaka chatha, yadzigulira mtendere. Ndipo amene muli ndi bizinesi yodya magetsi, musamalonjeze kasitomala mtengo wa miyezi itatu kutsogolo pa chinthu chimene inu mukugula pa mtengo wa tsikulo. Ndi dzenje lomwe lija adagweramo a ku Britain.

Kwa aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ndi chuma cha m'kalasi. Wa jogalafe ali ndi Shire, Zambezi ndi El Niño. Wa masamu ali ndi ogulitsa atatu aja, ndipo atha kuwapatsa ana kuti apeze mtengo wa ola lililonse. Wa zaulimi ali ndi okushoni ndi kontirakiti. Ana a sukulu za kufupi ndi Liwonde akhoza kupita wapansi kukaona zitseko za baraji ndi namasupuni amene amachotsedwa pamenepo kuti asakatseke makina kumunsi. Mwana amene wamvetsa zimenezi sadzanamizidwa ndi wandale wolonjeza magetsi otchipa, osazima, opanda wolipira.

Ndipo MERA ikamaitana anthu ku misonkhano yomva maganizo pa mitengo yatsopano, tisamasiyire a m'tauni okha. Tipiteko ndi mafunso olunjika. Mwa magetsi odutsa pa Phombeya, ndi angati ali pa pangano lomanga mtengo, ndipo ndi angati ogulidwa pa mtengo wa tsikulo? Panganolo likuti chiyani chaka chimene wogulitsayo naye ali pa chilala? Kwacha ikagwanso, ndani asenze, ndipo mpaka pati? Chaka cha madzi ambiri, ife tikagulitsako kunja, phindulo lidzaoneka pa mtengo wa yunitsi? Awa si mafunso amwano. Ndi omwe aja mlimi wa thonje amafunsa asadadinde chala pa fomu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chilala china chidzabwera, kaya ndi liti, ndipo mtengo umene tidzalipire chaka chimenecho ukulembedwa m'mapangano a masiku ano, madzi akadali m'nyanja. Inu amene mudaphunzira za uinjiniya ndi za chuma, ena mwa inu mukugwira ntchito m'maofesi momwe zimenezi zimakambidwa. Mukakhala pa tebulo limenelo muzikumbukira chigayo cha kwanu.